Dzinja Limene Silinanyowetse Udzu

Funso limene ndakhala ndikudzifunsa, ndipo limene ndikufuna kuliyankha pano, ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu amene anaphunzira za nkhalango mpaka kulandira dipuloma, amene analimbana ndi moto wolusa zaka zisanu ndi chimodzi m'mapaini a ku Chikangawa, auze mwana wake yemwe kuti akhale m'tauni imene moto unali kubwera kudzaidya? Sindinali woledzera, sindinali wodwala, ndipo mwanayo ndimamukonda. Ndalondola mapazi anga kubwerera m'mbuyo kangapo konse, ndipo nthawi zonse akukathera pa liwu limodzi, liwu lakuti dzinja.

Ndinachoka ku Malawi m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene wanena pa maliro. Ine ndi akazi anga tinakhazikika ku Woolwich, m'fulati ya pa nsanjika yachinayi, pamene ukasuzumira pawindo la kukhitchini umaona kachigawo ka mtsinje wa Thames. Dipuloma yanga inandipezera ntchito yodulira mitengo ndi kutchetcha kapinga m'mapaki, ndipo ndinaigwira mpaka ndinapuma. Mwana wathu ndi mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anabadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, koma poyankha amachisakaniza ndi Chingerezi monga amachitira anzake onse obadwira kuno. Chiyambire ali wakhanda amadwala mphumu, ndipo sayenda popanda kampope kake kopopera mankhwala mkamwa.

Ali ndi zaka zisanu anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala lojambulidwa nyengo zinayi za Angerezi, nafunsa kuti kwathu nyengo yozizirayi timaitcha chiyani. Unali mwezi wa Januwale, mvula ikuwaza tsiku lachitatu, mitambo ili pamadenga. Ndinati ndi dzinja.

"Muuzeni kuti chisanu, bambo," anatero mayi ake ali kukhitchini. "Dzinja muli chimanga. Mwachionapo chimanga pano?"

Ndinayankha kuti chisanu cha kwathu chilibe mvula, pamene kuno kuli mvula, matope ndi zovala zosauma, ndipo zimenezo ndi za dzinja. Ndinapambana mtsutsowo, monga ndinkapambanira yambiri masiku amenewo. Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba mwathu nyengo yozizira inakhala dzinja, ndipo kwa London liwulo linkakwana bwino.

Mwanayo atakula anaphunzira unesi, ndipo patapita zaka anapeza ntchito kumpoto kwa Canada, m'katauni ka migodi kozunguliridwa ndi nkhalango mbali zonse. Kuli chipatala chaching'ono, mtsinje chakumadzulo, ndi msewu umodzi wokha wotulukira, wolowera kummwera. Nthawi yawo ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola asanu.

Linali Lachiwiri, chakumapeto kwa Meyi, pamene anaimba foni tikumaliza chakudya chamadzulo.

"Adadi, muli bize? Kuno kuli moto ku nkhalango. Mawa m'mawa kunyamuka basi ya anthu a chifuwa, azimayi oyembekezera ndi agogo. Abwana akuti ndikhoza kukwera chifukwa cha mphumuyi, koma manesi tatsala ochepa. Inu ndinu a moto. Ndipite?"

Ndiyenera kuvomera chinthu china pano, chifukwa nacho chili m'gulu la zifukwa. Zaka zonse ndakhala ku London palibe anandifunsapo za moto. Ankandifunsa za makina otchetchera ndi za nthambi zogwera pamsewu. Tsiku limenelo mwana wanga ananditcha wa moto, ndipo ndinakhala tsonga pampando ngati ndabwerera pa nsanja yolondera moto ya ku Chikangawa. Ndinamufunsa mafunso atatu, mwadongosolo monga anatiphunzitsira.

"Motowo uli kutali bwanji?"

"Akuti makilomita fote."

"Pakati panu ndi motowo pali chiyani?"

"Mtsinje. Waukulu ndithu, koma sufika Thames ya pa Woolwich."

"Dzinja latha liti?"

"Masabata atatu apitawo. Sinowo wangosungunuka kumene."

Pamenepo mtima wanga unakhala pansi. Kwathu, masabata atatu dzinja litatha ndi masika. Udzu umakhala wauwisi, mame amanyowetsa munthu mpaka m'mawondo, ndipo ngakhale uthire palafini moto suyenda mamita khumi. Ku London nakonso, mwezi wa Meyi ndi umene kapinga ankandithamangitsa, wobiriwira ndi wonyowa, kutchetcha Lolemba kubwereza Lachisanu. Mutu wanga unkadziwa kuti mwanayo akunena za sinowo, chipale chofewa chija, koma sinowo ndinamuwerengera ngati madzi amene alowa m'nthaka, ndipo liwu lakuti dzinja linabwera ndi chinyontho chake chonse n'kuphimba maganizo anga.

"Khala, mwana wanga," ndinatero. "Moto wa m'masika ndi waulesi. Masana umakwawa pang'ono, usiku mame amaugoneka. Ukafika pamtsinje uthera pomwepo."

Mayi ake ananditsomphola foni. "Kampope uli nako?"

"Ndili nako, amayi, musadandaule. Kena katsopano kali kunyumba."

Lachitatu linadutsa bwinobwino. Ndinapita kumsika, ndinakambirana za mpira ndi wogulitsa nsomba, ndipo sindinaganizeko za Canada.

Lachinayi masana tili mu sitima ya DLR kuchokera ku chipatala cha maso, mwanayo anatumiza chithunzi chimene anajambula pakhomo pake popita kuntchito. Ankafuna tione thambo, limene linali lachikasu ngati madzi a m'chithaphwi. Ine ndinayang'ana thambolo. Mayi ake, amene sanaphunzirepo za nkhalango koma anakula akusenza udzu wofolera, anayang'ana pansi.

"Bambo, taonani udzuwu. Masika anu aja ndi amenewa?"

Ndinakuza chithunzicho ndi zala. Udzu unali wotuwa, wogona pansi, wofanana ndi tsekera wa mu Okutobala. Mitengo ya masamba inali mbulanda, yopanda ngakhale mphukira. Kumbuyo kwake kunali mitengo ina yonga paini, yakuda, yothithikana, nthambi zake zikukhudza pansi. 

"Simunamufunse za udzu?" anatero mayi. Ndinapukusa mutu. "Safunsa anadya phula. Koma phula lake lidyedwa ndi mwana wanga."

Titafika kunyumba ndinakhala patebulo ndi foni ndi pepala, ndikuwerenga zimene ndinayenera kuwerenga Lachiwiri. Dzinja la kumeneko si lamvula. Ndi kuzizira kouma, ndipo sinowo akagwa wochepa, monga zinachitikira chaka chimenecho, amasungunuka nthaka idakali yolimba ndi chisanu, madzi n'kuthamangira kumitsinje osalowa pansi kwenikweni. Otsala pamwamba ndi udzu wakufa wa chaka chatha, masamba ouma ndi ndere, ndipo popeza mitengo sinaphuke, dzuwa limafika pansi popanda chotchinga. Masiku amakhala aatali kwambiri, usiku waufupi, moti mphepo ikakhala youma mame sapeza mpata wogwa. Nthawi yomweyo masamba a mitengo yonga paini ija amakhala ndi madzi ochepa kuposa nyengo ina iliyonse, koma utomoni uli thoo. Nthambi zofika pansi zija ndi makwerero a moto. Ukakwera pamwamba suyendanso ngati moto wa m'tchire la kwathu, umene munthu amaumenya ndi nthambi zauwisi. Umathamanga pansonga za mitengo, ndipo mphepo imanyamula makungwa oyaka n'kukawaponya kutsogolo, kutsidya la mtsinje, kutsidya la msewu.

Chimene chimasiyanitsa moto wofatsa ndi moto wopha anthu m'nkhalango zimenezo si kukula kwa lawi loyamba ayi, koma nyengo ya masiku ochepa: kutentha, kuuma kwa mpweya, ndi mphepo. Ozimitsa moto a kumeneko amayamba kuopa nambala ya kutentha ikapitirira nambala ya chinyezi. Ndinatsegula za nyengo ya tauni ya mwana wanga. Kutentha kunali kutapitirira kale chinyezi, ndipo za Lachisanu ankalosera mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, kumene kunali motowo. Kunena mwachidule, ndinauza mwana wanga kuti ali m'masika pamene anali pakati pa chilimwe.

Ndinaimba kanayi asanayankhe.

"Adadi, ndili pa shifiti."

"Nyamuka lero. Tenga galimoto, nyamuka."

Anaseka pang'ono. "Basi inapita dzulo. Simunati ndikhale? Malo anga anakwera mnzanga wa ana awiri. Tikutulutsa odwala pa ndege, omaliza anyamuka mawa m'mawa. Sindingawasiye pabedi."

Sananene mondiimba mlandu, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka koposa. Ndinamuuza kuti athire petulo mpaka kudzaza, aike mapepala ake m'galimoto, madzi akumwa, ndi matawulo onyowa.

"Bwanji mwasintha chonchi?"

"Ndinakuphunzitsa liwu lolakwika."

"Liwu liti? Adadi, akundiitana. Tilankhulana."

Lachisanu foni inalira nthawi itangopitirira wani koloko masana. Kwawo kunali m'mawa. Ndinamva kaye kutsokomola, kenako mawu ake, ndipo analankhula Chingerezi chokhachokha, chizindikiro chakuti mantha amugwira. Anati motowo sunagone usiku wonse. Walumpha mtsinje m'bandakucha. Odwala omaliza anyamuka, ndipo tauni yonse yalamulidwa kutuluka. Iye ali m'galimoto, pamzere wautali, pamsewu umodzi uja.

"Kampope?" anakuwa mayi ake pambali panga.

Kampopeko kali ndi kawindo kosonyeza kuti katsala kupopa kangati. Anati katsala 31. Katsopano kaja kanali kunyumba, ndipo msewu wa kunyumba kwake apolisi anali atautseka.

Ndinamuuza kuti atseke mawindo, atseke polowera mpweya wakunja, ayatse magetsi a galimoto, asatuluke m'galimoto zivute zitani. Anati, m'Chichewa tsopano, "Adadi, kwada. Ndi m'mawa koma kwada bii." Kenako anati, "Kukugwa zinthu zoyaka pa—" ndipo foni inaduka. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 1:40.

Ndinaimbanso, koma sinalowe. Ndinatenga pepala lija n'kujambula msewuwo: makilomita 300 kukafika ku tauni yaikulu ya kummwera, ulendo wa maola atatu ndi theka tsiku labwino. Ndinayamba kuwerengera. Ngati mzerewo ukuyenda mwa liwiro la njinga, afika pakuti nthawi yakuti. Ngati akupopa kawiri pa theka la ola lililonse, kampope katha cha m'ma naini koloko ya kuno. Ngati chifuwa chamugwira kwambiri, katha msanga. Ndinalemba mizere ya manambala yoongoka bwino.

Mayi anayamba kukolopa m'khitchini mmene anali atakolopa kale m'mawa. Ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, kuisiya pakati, kuyambiranso. Mnzawo wa kumpingo wathu wa ku Peckham, mayi wa ku Zambia, anaimba atamva nkhani, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinakhala: "Osayopa, amai, Mulungu ni mukulu. Tiyamba mapemphero manje manje." Mayi anathokoza, namupempha kuti adule msanga, foni isakhale yotanganidwa.

Itakwana faivi koloko anaima pakhomo la khitchini, chokolopera chili m'manja.

"Manambala anuwo akuti chiyani?"

"Akuti sindikudziwa."

"Ndiye tulukani mukapume mpweya. Mukundiwonjezera mantha ndi pensulo yanuyo."

Ndinatsika n'kuyenda mpaka m'mbali mwa mtsinje, pafupi ndi pamene pamaolokera chombo cha magalimoto. Kunali kowala bwino, ana asukulu akudya tchipisi, anthu akuthamanga ndi agalu. Ndinayang'ana kutsidya n'kuyeza m'lifupi mwa madziwo ndi maso, monga tinkayezera njira zolambula zotchinga moto. Njira zathu za ku Chikangawa zinali za mamita ochepa chabe, ndipo tinkazinyadira. Mtsinje wocheperako pang'ono kuposa umenewu ndi umene ndinauika pakati pa moto ndi mwana wanga, ndipo motowo unaulumpha ngati ngalande.

Kamodzi kokha pa zaka zanga za ku Chikangawa ndinaona moto ukukwera pansonga za mapaini. Linali tsiku la mphepo mu Okutobala. Chimene sindiiwala si lawi, koma phokoso, ngati sitima yaitali yosatha kudutsa, ndi mmene mpweya unkathera mkamwa ukamayesa kupuma. Tinathawa kusiya makasu ndi galimoto. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti ambiri amene amafa pamoto sapsa kaye, amayamba ndi kubanika. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za chifuwa cha mwana wanga, chimene ndinkachimva chikulira ngati kamwana ka mphaka ndikamunyamula ali wamng'ono kuthamangira naye kuchipatala. Ndege inadutsa motsika ikupita ku bwalo la kutsidya, ndipo phokoso lake linandigwetsa pabenchi.

Pa nyuzi za pafoni panali zithunzi za mzere wa magalimoto m'kati mwa utsi wofiira, mitengo ikuyaka mbali zonse ziwiri za msewu. Ndinayang'ana galimoto iliyonse kufuna yoyera yaing'ono. Zoyera zazing'ono zinali zambiri.

Ndinabwerera kunyumba cha m'ma seveni. Chakudya sitinaphike. Tinakhala patebulo, foni ili pakati pathu, dzuwa likulowa pawindo la kukhitchini. Malinga ndi pepala langa, kampope kanali pafupi kutha. Ndinalitembenuza pepalalo kuti mayi asaone, koma anali ataona kale.

"Akabwera bwino," anatero osandiyang'ana, "simudzamuuzanso zochita. Mudzangomufunsa."

"Inde, mayi."

"Ndipo akapanda—" Sanamalize. Anagwira dzanja langa, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Foni inalira 8:50, dzuwa lisanalowe kwenikweni. Tonse awiri tinaigwira nthawi imodzi.

"Adadi." Mawu ake anali atasasa, ngati a munthu wina. Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndatuluka mu utsi. Netiweki yangobwera. Ndili pamalo othirira petulo."

Mayi anagwada pansi pomwepo. Ine ndinafunsa funso limodzi lokha, la kampope.

"Katsala kawiri. Pali ambulansi pano, andipatsa okosijeni. Galimoto penti yatupa mbali imodzi." Anapuma kwakanthawi, ndipo ndinamva kuti akufuna kuseka. "Moto wanu waulesi uja, adadi. Ukanakhala wakhama sindikudziwa."

Kenako anapitiriza.

"Munati liwu lolakwika. Ndakhala ndikuliganiza njira yonse kuti ndisachite mantha. Liwu liti?"

"Dzinja," ndinatero. "Kwathu dzinja ndi mvula. Kwanuko si dzinja ayi."

"Ndiye ndiziti chiyani?"

"Chisanu!" anakuwa mayi ake ali chigwadire, misozi ili mbwembwembwe. "Ndinanena ine zaka sate zapitazo! Bambo akowa samva!"

Mayi ananena zoona, ngakhale kuti nachonso chisanu sichikwana kwenikweni. Chisanu cha kwathu chimaumitsa udzu pang'onopang'ono, miyezi ingapo, munthu n'kumaona. Kumeneko udzu umatuluka pansi pa sinowo uli wouma kale. Chinenero chathu chilibe liwu la nyengo yotere chifukwa makolo athu sanaione, ndipo cholakwa changa sichinali kusowa liwu, koma kukhulupirira limene ndinali nalo mmalo mofunsa mtundu wa udzu.

Patapita masiku angapo utsi wa moto wa ku Canada unaoloka nyanja n'kufika pamwamba pa London. Thambo linatuwa, ndipo dzuwa la m'mawa linatuluka lofiira, loti n'kuliyang'ana osaphethira, ngati la mu Seputembala kwathu anthu akamatentha tchire. Anansi athu ankalijambula pa mafoni ali pakhonde. Ine ndinatseka mawindo onse, ngakhale utsiwo unali pamwamba kwambiri moti sunkanunkha.

Pepala lija ndinalisunga, ndipo mwanayo atachira ndinalikonza ndi manambala enieni amene anandipatsa. Makilomita 40 amene ndinawayesa chitetezo motowo unawadya m'masiku atatu, ndipo oposa theka unawadya tsiku lomaliza. Ulendo wa maola atatu ndi theka unatenga maola asanu ndi anayi. Foni inakhala chete maola asanu ndi awiri ndi mphindi khumi, ndipo m'nthawi imeneyo ndinaimba ka 44. Anagona m'chipatala masiku awiri. Nyumba imene ankakhala inapsa, pamodzi ndi kampope katsopano kaja. Kampope kamene anali nako m'galimoto kanayamba ulendo kali pa 31 n'kuumaliza kali pa 2. Mafunso amene ndinamufunsa Lachiwiri lija anali atatu, ndipo limene sindinafunse linali limodzi.